Kabuku Kobisika M'foni Mwanu: Mawu Okhudza Makuki a pa Intaneti

Awa ndi mawu amene mlangizi wa za mauthenga wochokera ku khonsolo anayankhula pa msonkhano wa komiti ya chitukuko m'dera la Gogo Chalo Nazombe. Tawasindikiza kuti nawonso amene sanathe kufika awamve.



Pamisonkhano ngati uno tinazolowera kukamba za milatho, mijigo, midadada ya sukulu ndi mitengo ya nandolo. Lero ndapemphedwa kukamba za kanthu kakang'ono, kosaoneka ndi maso, kamene kali m'thumba mwa aliyense amene ali ndi foni yolowa pa intaneti. Ena mwina afunsa kuti nkhani yotere ikufuna chiyani pa bwalo la chitukuko. Yankho lake lili m'makomo mwathu momwe. Mwana wathu akakhoza mayeso a Fomu 4, amafunsira malo ku sukulu za ukachenjede za boma kudzera pa intaneti, ndipo ngongole ya maphunziro amaifunsiranso komweko. M'bale wathu wa ku Johannesburg akatumiza thandizo, uthenga umafikira pa foni. Namondwe wa Freddy atatigwera mu Malichi 2023, misewu itaduka, ambiri tinadziwa za abale athu chifukwa cha foni. Choncho foni yasanduka khomo la nyumba, ndipo mwini nyumba ayenera kudziwa amene akulowa ndi kutuluka pakhomo pake.

Kanthu kamene ndikunenaka pa Chingerezi amati cookies, ndipo ife tingoti makuki. Musaganize za mabisiketi a m'golosale ayi, ndi dzina chabe limene akatswiri a makompyuta anakapatsa. Amene mumatsegula masamba a pa intaneti mwakhala mukuona kabokosi kotulukira pansi pa tsamba, kolembedwa m'Chingerezi, kokupemphani kuti mudine pamene alemba kuti Accept. Ambiri timadina msangamsanga kuti kachoke, chifukwa bandulo ikutha ndipo netiweki ikuvuta. Lero ndikufuna kuti tidziwe chimene timavomereza tikadina pamenepo.

Kodi makuki n'chiyani?

Tiyambire ku chipatala, kumene tonse timapita. Dokotala amaona anthu ambirimbiri pa tsiku, ndipo sangakumbukire aliyense. N'chifukwa chake tili ndi kabuku ka kuchipatala. Iye amalembamo zimene wapeza, n'kukubwezerani kabukuko kuti mukasunge kunyumba. Tsiku lina mukabweranso, mumapereka kabuku komweko, iye n'kuwerenga, n'kudziwa kuti ndinu yani ndipo munalekezera pati. Wolemba ndi dokotala, koma wosunga ndi inu.

Tsamba la pa intaneti lili ngati dokotala ameneyu. Mmene intaneti inapangidwira poyamba, kompyuta yosunga tsamba sinkakumbukira mlendo aliyense. Mukatsegula tsamba loyamba n'kupita pa lachiwiri, inkakuonani ngati munthu wachilendo. Zimenezi zinkavuta kwa ofuna kugulitsa katundu, chifukwa wogula akasankha chinthu n'kupita kukaona china, choyamba chija chinali chitaiwalika kale. M'chaka cha 1994, mnyamata wina wa ku America dzina lake Lou Montulli, amene ankagwira ntchito ku kampani ya Netscape, anapeza njira yothetsera vutoli. Anakonza zoti tsamba lizilemba timawu pang'ono n'kutisiya m'kompyuta ya mlendo, ndipo mlendoyo akabweranso, kompyuta yake izionetsa timawuto. Timawu timeneti ndiye makuki.

Pulogalamu imene mumatsegulira masamba, monga Chrome, Opera Mini, Firefox kapena Safari, imatchedwa browser. Imeneyi ndiyo imasunga kabukuka m'foni mwanu, ndipo imakapereka yokha nthawi iliyonse mukabwerera pa tsamba limene linalembamo, osakufunsani. Kuki imodzi ndi yaing'ono zedi, siipitirira makilobayiti 4, ndipo kawirikawiri mumangokhala nambala yaitali yokuzindikiritsani. Nkhani zanu zenizeni zimasungidwa ku kompyuta ya eni tsamba, nambalayo n'kukhala ngati kiyi wotsegulira kaundula wanu kumeneko.

Ndinene poyera kuti makuki si oipa mwa iwo okha. Popanda makuki, bwenzi mukulemba pasiwedi yanu nthawi iliyonse mukadina chinthu chatsopano pa Facebook kapena pa imelo. Mwana amene akulemba fomu yofunsira malo a sukulu sakanatha kuchoka pa gawo loyamba kupita pa lachiwiri tsamba lisanamuiwale. Kuki si kachirombo ka m'kompyuta, siingathe kutsegula zithunzi zanu, kuwerenga mauthenga anu kapena kuyatsa kamera. Ndi kalata chabe. Koma pajatu kalata imapweteka kapena kuthandiza malinga ndi amene waigwira.

Makuki a mwini nyumba ndi makuki a alendo

Pali makuki amene amakhala kanthawi kochepa, n'kufufutika mukatseka browser. Amenewa ali ngati kachikwangwani kamene wosunga njinga pa msika amakupatsani, kamene ntchito yake imatha mukatenga njinga yanu. Palinso ena amene amakhala miyezi ngakhale chaka ndi kupitirira, ndipo amenewa ndi amene amachititsa kuti tsamba likudziweni ngakhale patapita nthawi yaitali.

Kusiyana kwina, kumene kuli kofunika kwambiri, ndi kwa amene walemba. Makuki ena amalembedwa ndi tsamba limene mwatsegula inuyo mwa kufuna kwanu. Amenewa tingati ndi a mwini nyumba. Koma masamba ambiri amalola makampani ena kuika zinthu zawo mkati mwa tsambalo, monga zithunzi zotsatsa malonda, mavidiyo, kapena kabatani ka Like. Makampani amenewa nawonso amatha kulemba makuki awo m'foni mwanu, ngakhale simunapite kwa iwo. Amenewa ndi makuki a alendo, ndipo pa foni panu mudzawaona atalembedwa kuti third-party cookies.

Tiyerekeze kuti ndi tsiku la msika pa Chiringa kapena pa Migowi. Mwalowa pa benchi ya wogulitsa mbewu, pambali pake pali munthu wakhala phee ndi kope, ndipo wakumatani kachizindikiro pa malaya osakuuzani. Mwapita kwa wogulitsa mankhwala, munthu yemwe uja alinso pomwepo, waona chizindikiro chake, walemba. Mwapita kwa wobwereketsa ndalama, alinso pomwepo. Pofika madzulo, ngakhale sanakufunseni dzina, akudziwa kuti ndinu mlimi, muli ndi wodwala pakhomo ndipo ndalama zakutherani. Nkhani imeneyi ndi malonda kwa iye, chifukwa alipo ofuna kulipira kuti uthenga wawo ufike kwa munthu wotere. Umu ndi mmene makuki a alendo amagwirira ntchito. Kampani imodzi yotsatsa malonda imapezeka pa masamba zikwizikwi, choncho imatha kulumikiza mapazi anu onse n'kudziwa zokonda zanu, nkhawa zanu ndi zofooka zanu.

N'chifukwa chake mukafufuza mtengo wa sola lero, mawa mumangoona zithunzi za masola paliponse. Pa nkhani ya sola palibe chodandaulitsa kwenikweni. Koma taganizirani za mnyamata amene watsegulapo kamodzi tsamba la kubetcha mpira. Akhoza kuyamba kuona zomukopa za kubetcha pamene akuwerenga nkhani, pamene akufuna zotsatira za mpira, ngakhale pamene akufufuza za sukulu. Iye amaganiza kuti zangochitika, pamene wasankhidwa. Chimodzimodzinso mayi amene wafufuza za ngongole yachangu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Masamba ambiri amene timawerenga osalipira amapeza ndalama zawo kudzera mu malonda otsatsawa, ndipo chimene timalipira ife ndi mbiri ya mapazi athu.

Kumene kuli ngozi yeniyeni kwathu kuno

Makampani a kutali ndi nkhani imodzi, koma kwa ife kuno kwa Nazombe ngozi yaikulu ili pafupi, ndipo imachokera pa kubwerekana. Pakhomo pambiri foni yamakono ndi imodzi, ya banja lonse. Ena timabwereka ya mnansi. Ana athu amapita m'mashopu a makompyuta kukalemba mafomu ndi kusindikiza makalata. Kubwerekana ndi khalidwe lathu labwino, ndipo sindikunena kuti tilisiye. Ndikunena kuti tidziwe chimene timasiya m'mbuyo.

Mukalowa mu akaunti yanu polemba dzina ndi pasiwedi, tsamba limaika kuki m'chipangizo chimene mukugwiritsa ntchito, yonena kuti munthu uyu wadziwika kale, musamufunsenso. Kumbukirani kachikwangwani ka njinga kaja. Wosunga njinga sayang'ana nkhope, amayang'ana chikwangwani, ndipo aliyense wobwera nacho amatenga njinga. Mukadzuka pa kompyuta ya m'shopu musanatuluke mu akaunti yanu, mwasiya chikwangwani pa tebulo. Wobwera pambuyo panu safunikira kudziwa pasiwedi yanu. Angotsegula tsamba lomwelo n'kupezeka ali mkati, akuwerenga makalata anu, akuona chithunzi cha chiphaso chanu cha unzika chimene munatumiza, ndipo akhoza kulembera abale anu m'dzina lanu kuwapempha ndalama. Kutseka tsamba podina kamtanda ka pakona si kutuluka ayi. Kutuluka ndi kudina pamene alemba kuti Log out kapena Sign out.

Ngozi yachiwiri ndi ya foni yogulitsa kapena yopinyolitsa. Nthawi ya njala ikafika, kapena fizi ikafunika, foni ndi imodzi mwa zinthu zoyamba kugulitsidwa. Ambiri timangochotsa simu khadi n'kuganiza kuti tamaliza. Komatu makuki sakhala mu simu khadi, amakhala m'foni momwemo. Wogula amalandira foni pamodzi ndi makomo anu onse ali otsegula.

Ngozi yachitatu ndi ya chinsinsi cha m'banja. Mtsikana amene wafufuza za matenda ena pa foni ya bambo ake, kapena mayi amene wafufuza kumene angakadandaule za nkhanza, amasiya mapazi a mitundu iwiri: mndandanda wa masamba amene watsegula, ndi makuki amene angachititse kuti zotsatsa zokhudza nkhani yomweyo ziyambe kuoneka. Munthu akaopa kuti adziwika, amasiya kufunafuna thandizo, ndipo pamenepo vuto la foni lasanduka vuto la umoyo. Azaumoyo ndi a komiti zoteteza ana, mfundo imeneyi ndi yanu.

Ngozi yachinayi ndi ya malinki abodza amene amayenda m'magulu a WhatsApp, olonjeza bandulo yaulere, ntchito, kapena kulembetsa mayina a thandizo. Masamba oterewa nawonso amaonetsa kabokosi ka makuki kuti aoneke ngati enieni. Dziwani ichi: kabokosi koona ka makuki sikafunsa nambala ya chiphaso, sikafunsa pasiwedi, ndipo sikafunsa nambala yanu yachinsinsi ya ndalama. Kakafunsa zimenezi, tsekani tsambalo. Nkhani za Mtukula Pakhomo ndi mapulogalamu ena a boma muzizimva kwa alangizi, kwa mafumu ndi ku makomiti anu, osati pa linki yotumizidwa ndi munthu wosamudziwa.

Pano ndiyankhenso funso limene ndikudziwa kuti lili m'mitima ya ambiri. Kodi makuki angabe ndalama za mu Airtel Money kapena Mpamba? Mukamatumiza ndalama poimba *211# kapena *444#, simukudutsa pa browser, ndipo makuki sakhudzidwa n'komwe. Amene ali ndi kafoni ka mabatani kosalowa pa intaneti alibe makuki. Akuba ndalama za pa foni amadalira pakamwa panu: amaimba, amanamizira kuti ndi a kampani kapena atumiza ndalama molakwitsa, mpaka inu mwini mutaulula nambala yachinsinsi. Mankhwala ake ndi amodzi, osauza munthu aliyense nambala imeneyo, ngakhale ejenti amene mumamudziwa.

Zimene mungachite ndi manja anu

Tsopano ndifike pa ntchito. Amene muli ndi mafoni mukhoza kuwatulutsa, ndipo achinyamata athandize makolo amene akhala nawo pafupi. Mawu a pa foni ndiwatchula monga alembedwera, chifukwa ndi amene mudzawaone.

Choyamba ndi kabokosi kaja. Kawirikawiri kamakhala ndi mabatani awiri kapena atatu. Accept all ndiye kuti mwavomereza makuki onse, a mwini nyumba ndi a alendo omwe. Reject all ndiye kuti mwakana onse kupatula okhawo amene tsamba silingayende popanda iwo. Manage kapena Settings ndi pamene mumasankha nokha. Mukakana, masamba ambiri amatsegukabe bwinobwino. Batani lovomereza amakonda kulipaka mtundu wowala, lokanira n'kulibisa m'timalemba ting'onoting'ono, choncho musathamange. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi kutsekera alendo pakhomo. Mu Chrome, dinani timadontho titatu tili pakona yakumwamba, pitani pa Settings, kenako Site settings, ndipo mupeza pamene alemba za third-party cookies. Sankhani kuwatsekereza. Mawu amasinthako pang'ono malinga ndi foni, koma njira ndi yomweyo. Musatseke makuki onse, chifukwa mukatero mudzalephera kulowa mu akaunti zanu. Firefox inayamba kutsekereza yokha makuki otsatira anthu mu 2019, ndipo Safari ya mafoni a iPhone inatseka makuki onse a alendo mu 2020. Kampani ya Google inalengeza mu 2020 kuti idzachita chimodzimodzi mu Chrome, koma itazengereza kwa zaka zingapo inasintha maganizo mu 2024. Popeza mafoni ambiri a kwathu kuno ndi a Android ndipo amabwera ndi Chrome, ntchito yotseka khomo ili m'manja mwathu.

Chachitatu ndi kusesa. Pa timadontho tomwe tija mupeza mawu akuti Delete browsing data kapena Clear browsing data. Mukadina, foni ikufunsani zimene mukufuna kufufuta komanso kuyambira liti. Chongani pa makuki ndi pa mndandanda wa masamba. Koma ndikuchenjezeni zinthu ziwiri. Mukafufuta makuki, masamba onse amakuiwalani ndipo adzafuna pasiwedi. Anthu ambiri anatsegulitsa akaunti zawo kwa mwana kapena kwa wa pashopu, ndipo pasiwedi saidziwa. Yambani mwatsimikiza kuti mukuidziwa, komanso kuti nambala ya foni imene munalembetsera ikugwirabe ntchito, musanasese. Chenjezo lina ndi la pamene alemba kuti Cached images and files. Zimenezo si makuki, ndi zithunzi zimene foni inasunga kuti isazikokenso. Mukamazifufuta pafupipafupi, foni imazikokanso ndipo bandulo imatha msanga. Dziwaninso kuti kusesa m'foni mwanu sikufufuta zimene kampani inalemba kale ku makompyuta ake. Kumangodula chingwe chimene inkakuzindikirirani.

Chachinayi ndi cha wobwereka. Mukamagwiritsa ntchito foni ya wina kapena kompyuta ya m'shopu, tsegulani tsamba lachinsinsi, limene mu Chrome amalitcha Incognito ndipo mu mapulogalamu ena amati Private. Mukamaliza n'kulitseka, makuki onse a ulendo umenewo amafufutika, ndipo masamba amene munatsegula salembedwa. Kompyuta ikakufunsani ngati isunge pasiwedi yanu, kanani. Koma musaliyese chikopa cha zonse. Limakubisani kwa wogwira foniyo pambuyo panu basi. Eni tsamba ndi kampani yopereka intaneti amadziwabe kuti mwafika, ndipo chimene mwakopera m'foni chimatsala momwemo.

Chachisanu ndi cha amene anaiwala kale kutuluka penapake, kapena foni yake inabedwa. Musataye mtima. Facebook ndi Google onse ali ndi malo, m'gawo la chitetezo cha akaunti, oonetsa zipangizo zonse zimene akaunti yanu ili yotsegula. Muli pa foni ina mukhoza kuzitulutsa zonse, kenako n'kusintha pasiwedi. Mukatero chikwangwani chakale chija chimasanduka chachabe m'manja mwa amene wachitola.

Chachisanu ndi chimodzi, musanagulitse kapena kupereka foni, tulukani mu akaunti zonse, sungani zithunzi zanu kwina, chotsani memore khadi, ndipo muibwezere mmene inalili pogula podina Factory reset.

Ndiwonjezere mawu amodzi okhudza mapulogalamu oikidwa m'foni, monga a Facebook ndi TikTok. Kufufuta makuki mu Chrome sikuwakhudza amenewa, chifukwa ali ndi njira zawozawo zokudziwirani. Imodzi mwa njirazo ndi nambala ya zotsatsa malonda imene foni ya Android imakhala nayo. Pa mafoni ambiri mukhoza kuifufuta kapena kuisintha mukapita pa Settings, kenako Google, kenako Ads. Ndipo pulogalamu ikapempha chilolezo choona manambala a anzanu, zithunzi kapena malo amene muli, dzifunseni ngati ntchito yake ikufunadi zimenezo. Tochi ilibe chifukwa chodziwira manambala a abale anu.

Lamulo likuti chiyani?

Mwina mukudabwa kuti n'chifukwa chiyani masamba amatipempha chilolezo, pamene kale sankatero. Zinayambira ku Ulaya. M'chaka cha 2009 mayiko a mu mgwirizano wa European Union anakhwimitsa lamulo lawo kuti tsamba lizipempha chilolezo lisanaike makuki osafunikira, ndipo pa 25 Meyi 2018 linayamba kugwira ntchito lamulo lina lalikulu loteteza mbiri za anthu, lotchedwa GDPR. Popeza tsamba limodzi limawerengedwa dziko lonse lapansi, kabokosi kopangira anthu a ku Ulaya kamafikanso kuno kuseri kwa phiri la Michesi. Ndipo malamulowo ali ndi mano. Mu Januwale 2022, bungwe loteteza mbiri za anthu ku France linalengeza kuti lalipiritsa Google ndalama zokwana mayuro 150 miliyoni, ndi Facebook mayuro 60 miliyoni, pa mlandu woti kuvomereza makuki kunali kwa kudina kamodzi pamene kukana kunali kozungulira. Apa tikuphunzira kuti kukana ndi ufulu, ndipo wokubisirani pokanira akukulakwirani.

Kwathu kuno nakonso sitili pa mtunda wopanda mpanda. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anabwera m'chaka chomwe chija cha 1994, amanena mu gawo 21 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chinsinsi, ndipo ufuluwu umakhudzanso makalata ndi mauthenga a pa lamya. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kulowa m'makompyuta ndi m'mauthenga a ena popanda chilolezo. Choncho wopeza akaunti ya mnzake ili yotsegula n'kuyamba kufufuzamo kapena kulemba m'dzina la mwini wake asamati ndi masewera. Kenako mu 2024 linayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection Act, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Lamuloli limafuna kuti wotolera mbiri za anthu akhale ndi chifukwa chovomerezeka, anene chimene akuzifunira, ndipo azisunge mosamala. Limakupatsaninso inu ufulu wofunsa zimene bungwe likusunga zokhudza inu, wokonzetsa zolakwika, ndi wokadandaula ngati mbiri yanu yagwiritsidwa ntchito molakwika.

Lamulo limeneli silikukhudza makampani a pa intaneti okha ayi. Likutikhudzanso ife a khonsolo, mabungwe ogwira ntchito m'dera lino ndi makomiti athu, chifukwa nafenso timalemba mayina, manambala a ziphaso ndi a mafoni. Kaundula wa anthu olandira thandizo sayenera kujambulidwa n'kumatumizidwa m'magulu a WhatsApp, kapena kusiyidwa pa kompyuta ya m'shopu atasindikizidwa. Sitingadzudzule mlendo wa kope uja pamene ife eni tikumwaza makope athu pa msewu.

Pempho langa

Ndisanakhale pansi ndili ndi mapempho angapo. Kwa eni mashopu a makompyuta ndi otchajitsa mafoni, anthu amakukhulupirirani ndi zinsinsi zawo. Muziwatsegulira tsamba lachinsinsi, muziwakumbutsa kutuluka mu akaunti, ndipo muzifufuta makalata awo akamaliza kusindikiza. Mukamutsegulira munthu akaunti, mupatseni pasiwedi yake ndipo mumuonetse mmene angaisinthire. Kasitomala amabwerera kumene ulemu wake unasungidwa.

Kwa aphunzitsi, makamaka a ku sekondale, patulani kanthawi kowaonetsa ana a Fomu 4 zimenezi asanayambe kulemba mafomu a sukulu ndi a ntchito. Mwana wotaya imelo yake akhoza kutaya nayo kalata yomuitana.

Kwa achinyamata, inu ndinu maso a makolo anu pa nkhaniyi. Agogo akakupatsani foni kuti muwathandize, akupatsani kiyi wa nyumba. Athandizeni mowafotokozera chimene mukuchita, osati kungodina n'kubweza. Kwa makolo, musachite manyazi kufunsa mwana. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa mafumu athu ndi a ma VDC, pamisonkhano ya m'midzi muzipatula mphindi zochepa zokumbutsa anthu zinthu zitatu: kutuluka mu akaunti pa chipangizo chobwereka, kusesa foni isanagulitsidwe, ndi kusaulula nambala yachinsinsi. Amene waberedwa asabise chifukwa cha manyazi. Akanene ku polisi ndi ku kampani ya foni yake mwamsanga, ndipo achenjeze anzake.

Intaneti yafika ndipo sibwerera. Idzatithandiza kudziwa mitengo ya mbewu tisanagulitse, kumva machenjezo a nyengo mvula isanatipeze, ndi kutsegulira ana athu makomo amene ife sitinawaone. Walira mvula walira matope, koma wodziwa njira amadutsa pouma. Tisaope foni, tiidziwe, ndipo kabuku kamene imasunga tizikatsegula ife eni ake.

 Amene muli ndi mafunso kapena mukufuna kuonetsedwa pa foni panu, tikhala pompano msonkhano ukatha.